Zithunzi za m'Laputopu ya a Haddad

Maame Konadu anafika pa shopu yanga ku Adum Loweruka m'mawa, laputopu atayikulunga m'nsalu. Kumbuyo kwawo kunali mwana wawo Oforiwaa, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali kale kuposa amayi ake.

"Wofa Kyei, kusukulu akuti mwanayu azilembera pa kompyuta. Tandionereni ngati chinthuchi chili ndi moyo," anatero Maame. Kwathu kuno Wofa ndi mawu aulemu otanthauza malume.

Laputopuyo anapatsidwa ndi a Haddad, banja la ku Lebanon lomwe Maame analigwirira ntchito ya m'nyumba zaka khumi ndi chimodzi. Mwezi wapitawo banjalo linali litabwerera kwawo. Zaka zonsezo Oforiwaa ankakhala ndi azakhali ake ku Mampong, ndipo amayi ake ankamuona pa Khirisimasi ndi pa Isitala basi.

Ndinamasula chakunsi. Fani inali itadzaza fumbi ndi ubweya wa mphaka. Ndinayipukuta ndi kaburashi, n'kumanganso, n'kulumikiza chaja. Inayaka osafunsa n'komwe pasiwedi.

"Ili moyo," ndinatero. "Ndi nkhalamba, koma ya sukulu ikwanitsa. Chatsala n'kuchotsa za eni ake, ndiikemo cholembera ndi mabuku, nditsekenso malo a pa intaneti osayenera mwana."

"Mutsekenso magemu," anatero Maame.

"Maa, munaonapo ine ndikusewera magemu? Mukundidziwa?"



Ndisanafufute chinthu, ndimayamba ndaonetsa mwini wake zomwe zilimo. Munali makalata a bizinesi, nyimbo zachiarabu, ndi zithunzi zambirimbiri. Nditatsegula choyamba, panatuluka kamnyamata koyera, kamwana ka a Haddad, kakuzimitsa makandulo a pa keke. Amene anakanyamula anali Maame, atavala yunifolomu yabuluu.

"Nadim," anatero Maame, n'kukoka mpando. "Apa anali ndi zaka ziwiri."

Ndinapitiriza. Nadim akuphunzira kuyenda, Maame atamugwira manja. Nadim tsiku loyamba kusukulu, Maame atanyamula chikwama. Nadim m'chipatala atamangidwa mkono, Maame akugona pampando pambali pake. M'zithunzi zambiri Maame ankaoneka theka, mwina phewa lokha, mwina dzanja lili ndi supuni. Pa china onse awiri ankadya nthochi zokazinga za tsabola papepala limodzi, Maame akuseka mpaka mano onse panja.

"Ankazikonda kwambiri," anatero Maame. "Amayi ake ankaletsa, ife tinkadyera kuseri kwa galaja."

Oforiwaa anali ataima atapinda manja. Ankayang'ana sikirini osaphethira.

"Tsiku limene ine ndinathyoka dzino munali kuti?"

"Unathyoka liti dzino?"

"Ndili sitandade 3."

Panja wogulitsa madzi ankakuwa. Kasitomala wina analowa kudzafunsa chaja ya foni, ndinamugulitsa, n'kutuluka. Nditabwerera pa tebulo ndinapeza palibe amene wasuntha.

"Ndiye titani?" ndinafunsa. "Ndikhoza kuzisunga pa fulashi. Si ntchito yaikulu."

Maame anayang'ana mwana wawo. "Laputopuyi ndi yako, Ofo. Nena ndiwe."

"Fufutani zonse, Wofa."

"Fulashi ndili nayo pompano," ndinatero.

"Mwamva zimene wanena mwini wake," anatero Maame. Anaimirira, n'kupinda nsalu ija kanayi.

Ndinafufuta. Ntchito yonse inatenga maola awiri. Maame anapita kumsika wa Kejetia kukagula chikwama cha laputopuyo, Oforiwaa anatsala akuonerera mzere wobiriwira ukuyenda pa sikirini. Itafunsa dzina la mwini watsopano, ndinamusunthira kiyibodi. Analemba ndi chala chimodzi, n'kulakwitsa kawiri. Pasiwedi anailemba atabisa ndi dzanja. Ndinamuonetsa posungira ntchito ya sukulu, ndinamuuzanso kuti asamaike laputopu pa matiresi chifukwa imatentha. Amayi ake atabwera, onse awiri anakwera minibasi n'kumapita.

Patatha milungu iwiri Maame anabweranso okha, laputopu ili m'chikwama chatsopano. Anakhala kaye pampando, n'kufunsa za banja langa, za mvula, za magetsi.

"Wofa, zinthu zikafufutidwa, zimapita kuti?"

"Sizipita kulikonse, Maame. Pamalo pake panalembedwa zina."

"Ngakhale chimodzi?"

"Ngakhale chimodzi."

Anagwedeza mutu. Kenako anatsegula chikwama.

"Chabwino. Chomwe ndabwerera ndi ichi. Ofo akuti batani la K likukanirira. Akundiphunzitsa kulemba dzina langa madzulo aliwonse, ndiye limangotuluka Onadu. Amandiseka, mwana wopanda ulemu."

Ndinazula batanilo ndi nsonga ya sikuludiraiva. Pansi pake panali kambewu ka mpunga kouma. Ndinakachotsa, n'kubwezeretsa batani, Maame analidina katatu ndi chala cha mkombaphala. Ananyamula chikwama chawo, nati akuthamangira ku Asokwa, kumene banja lina linkafuna munthu wolera mwana.