Mikwingwirima ya Yamiko

Nangondo masewera a hoke sanawakondepo n'kamodzi komwe. Ana a eni kumathamangitsana pa ayisi ndi ndodo zopindika, kulimbirana kanthu kakuda kokhala ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola, ati dzina lake paki. Ndiye mwana wake Yamiko, m'malo mopita kutsogolo ngati anzake, ntchito yake inali yobwerera chafutambuyo kukatchinga golo. Zaka zisanu akukwera naye mabasi awiri kuchokera ku Lewisham, dera la mu London kumene ankakhala, chikwama chonunkha ngati mbuzi yonyowa chili pamiyendo, koma chigoli cha mwana wake sanachionepo.

Komatu kusakonda masewera n'kwina, kulola kuti mwana wako amutaye n'kwinanso. Yamiko anali atakwanitsa zaka sikisitini ndipo timu ya ana inali itamuchepera. A Paterson, aphunzitsi a timu ya anyamata akuluakulu, ndiwo ankasankha oti akwere. Wosiyidwa ndiye kuti ndodo akaipachike basi. Sabata yonseyo mnyamatayo ankangojompha chakudya ngati nkhuku ya chitopa.

Lachinayi masana Nangondo anasinthana shifiti ndi mnzake kukhitchini ya kunyumba yosamalira okalamba, nasenza chikwama chija, ulendo kubwalo la ayisi. Ofesi ya a Paterson inali kachipinda kozizira ngati firiji. Eni ake anali bambo wamtali, dzino limodzi lakutsogolo palibe.

Sukulu Nangondo analekezera Sitandade 4. Chizungu cha kukhitchini ankachimva ndithu, koma zaka khumi ndi ziwiri zogulitsa nkhuku pamsika wa Lunzu zinamuphunzitsa kuti malonda sukambira m'chilankhulo cha wogula. Choncho Yamiko anakhala pakati kuti azimasulira, ndi Chichewa chake chotsimphinacho.

A Paterson anayamba kuwerenga pa tabuleti.

"Akuti chiyani?" anafunsa Nangondo.

"Akuti chafutambuyo ndimathamanga bwino."

"Zimenezo ndikudziwa. N'zokhazo ndakhala ndikuonera."

"Akuti paki ndimagawira bwino anzanga."

"Kugawa zinthu watengera bambo ako. Pitiriza."

Kenako a Paterson analankhula nthawi yaitali, mofatsa, ngati nesi wobweretsa uthenga woipa. Yamiko anangoti maso pansi.

"Iwe, ndati akuti chiyani?"

"Akuti ndimaopa, Mami. Wina akamenya paki mwamphamvu ndimatembenuka, ndimaipatsa msana. Akuti kutimu yaikulu amamenya koopsa, ndiye wotchinga wamantha sangamutenge."

A Paterson anatembenuza tabuleti ija. Pakanemapo panali Yamiko, paki ikubwera, iye n'kudzipinda ngati bongololo.

Apa mtima wa Nangondo unakhala m'malo. Wonyoza nkhuku ndiye wogula. Wosafuna amayamikira nthenga n'kumapita.

"Afunse kanemayu ndi wa liti."

Anali wa Okutobala.

"Nanga uno ndi mwezi wanji?"

"Epulo, Mami. Mukudziwa."

"Sindikufunsa iwe."

A Paterson anavomera kuti chiyambire Okutobala anamuonera Yamiko kawiri kokha, ndipo masiku onse awiriwo adani anali ofooka, kugolo sankafikako n'komwe.

"Uwauze kuti munthu sagula nkhuku ya Epulo poyang'ana chithunzi cha Okutobala."

Yamiko ananena kanthu kafupi m'Chizungu.

"Ndamva pulizi kawiri," anatero Nangondo. "Ine pulizi sindinanene."

Anatsegula chikwama, fungo n'kudzaza ofesi yonse. Anatulutsa mapadi awiri otchingira misongolo n'kuwaika patebulo, pamwamba pa mapepala a eni ake.

"Awa anavala zaka ziwiri. Taonani kuyera kwake. Mutha kudyerapo."

Anatulutsanso ena awiri. Amenewa anali akuda ndi zipsera, ong'aluka pabondo, omatamata ndi tepi.

"Awa anayamba kuvala Novembala yemweyu. Iwe, pinda buluku."

"Mami!"

"Pinda. Unabadwa wopanda buluku, ine ndinali pomwepo."

Yamiko anapinda. M'mbali mwa mawondo ndi mu akakolo, m'mene mapadi safika, munali mikwingwirima yokhayokha: ina yakuda, ina yobiriwira, ina yayamba kale chikasu.

"Tembenuka."

Kuseri kwa miyendo kunali see, ngati kwa khanda.

"Tsopano umasulire zonse, usadye mawu anga," anatero Nangondo. "Chaka chatha Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ndinkamupaka mankhwala kuseri kwa miyendoku, m'matako, kumsana. Novembala ndinatopa. Ndinamuuza kuti bala la kumbuyo ine sindipakanso, azidzipaka yekha ngati dzanja lifikako. Womenyedwa kumbuyo amakhala akuthawa. Anadzipaka yekha masabata awiri, akulira ngati mphaka m'bafa. Sabata yachitatu anabwera ndi bondo lotupa, kutsogolo. Limenelo ndinapaka. Malamulo a masewera anuwa ine sindiwadziwa, bambo. Ndimadziwa pamene ndimapaka mankhwala."

Yamiko anamasulira, manyazi atamugwira. A Paterson anayang'ana miyendo, nayang'ana mapadi, nakanda chibwano. Atalankhula, nkhope ya Yamiko inawala.

"Mami, akuti ndibwere kawiri kupulakatisi yawo, andione!"

"Kawiri? Tsiku lina udzakhala ndi chimfine, tsiku linalo adani ofooka aja. Uwauze chaka chonse."

A Paterson anapukusa mutu. Chaka chonse sakanalonjeza.

Nangondo anaimirira, naponya mapadi oyera aja m'chikwama, nakoka zipi.

"Tiye. Matimu ndi ambiri mu London muno."

Timu ina iliyonse sankaidziwa ngakhale dzina. Koma ku Lunzu ukanyamula dengu n'kuyenda pang'onopang'ono, phazi lachitatu lisanaponde pansi wogula amakhala atakuwa kale kuti mayi tabwerani tikambirane. Anaponda loyamba. Anaponda lachiwiri. A Paterson anadzuka pampando msangamsanga, nathamangira kutsogolo kwake, namutsegulira chitseko, namuthokoza kwambiri chifukwa chobwera.

Chitseko chinatsekeka kumbuyo kwawo.

Anaima mukhonde. Kubwalo kunkamveka galimoto yosalaza ayisi ikuzungulira. Yamiko anayamba kulankhula Chizungu chothamanga, misozi ili lengelenge, kenako n'kutembenukira ku Chichewa kuti zimveke bwino.

"Mwaononga, Mami! Kuno saitana munthu! Mukati mukupita amangoti mwapita!"

"Khala chete, ndikumvetsera."

Anamvetsera. Chitseko chinali zii. Kawiri kaja kanali m'manja, tsopano ngakhale kamodzi panalibe.

"Anthu osadziwa malonda," anang'ung'udza Nangondo. Anadikirabe pang'ono. "Mapadi ako ong'aluka aja ali kuti?"

Yamiko anapukuta m'maso. "Mwawasiya patebulo."

"Ndawaiwala."

"Inu simuiwala kanthu, Mami."

"Gogoda."

Anawapeza a Paterson padi ili m'manja, chala chachikulu atachilowetsa mumng'alu wa pabondo, foni ili kukhutu. Ankalankhula ndi a Fiona, aphunzitsi a timu ya ana. Atadula foni anatembenukira kwa Yamiko, nalankhula.

"Akuti a Fiona anena kuti chiyambire Khirisimasi palibe wotchinga paki ndi thupi kuposa ine," anatero Yamiko. "Akuti anawalembera zimenezi mu Febuluwale, koma iwo sanatsegule uthengawo."

"Ehe. Ndiye?"

"Akuti andilemba m'timu kuyambira Seputembala mpaka Khirisimasi. Kenako adzaonanso."

"Isitala," anatero Nangondo, osadikira womasulira.

"Khirisimasi," anatero a Paterson.

"Isitala."

"Khirisimasi." Ndipo anapinda manja pachifuwa.

Nangondo anawayang'ana m'maso. Ankadziwa nkhope ya munthu amene watulutsa zonse za m'thumba. Anayang'ananso mwana wake, amene ankamupempha ndi maso kuti avomere.

"Chabwino. Khirisimasi. Nanga basela?"

"Mami, basela m'Chizungu kulibe."

"N'chifukwa chake dziko lino anthu saseka."

Analoza yekha mpukutu wa tepi yakuda umene unali pashelefu. A Paterson anayang'ana tepi, nayang'ana mayiyo, naupereka ndi manja awiri, poti anali ataona kuti iye zinthu amalandira motero. Anawonjezera mawu ena akumwetulira, mpata wa dzino uja uli poyera.

"Akuti andiphunzitsa kutchinga ndi padi, osati ndi akakolo."

"Akuphunzitse msanga. Mankhwala atsala pang'ono m'botolo."

Pasiteji basi inachedwa, monga mwa masiku onse. Yamiko anagula tchipisi pakona, n'kudya zonse osapumira n'komwe, zala zomwe ananyambita.

"Zikomo, Mami."

"Usandithokoze. Khirisimasi ikadzafika ndidzayamba ndine kukuyendera miyendo, iwo asanakuone. Ndikadzapeza kabala kamodzi kumbuyo, ndidzakawauza ndekha, ndipo womasulira sindidzamufuna."

Basi itafika, Nangondo anakwera manja ali lendelende, tepi yokha ili m'thumba la jekete. Chikwama chija anachisiya pansi pasiteji.

"Mami, chikwama!"

"Ndi cha timu yaikulu chimenecho. Senza."