Mwamwa Mankhwala, Madala?

"Apa si podula nthambi ayi, mlongo, n'pozula ndi mizu yomwe," anatero wokonza makompyuta, yemwe anthu ankangomutchula Sikulu poti kasikuludiraiva sikankachoka kukhutu kwake.

Laputopu inali pakauntalayo inali ya mwana wamkazi wa atelala, yomwe anaitenga achimwene ake atamwalira. Ku koleji anamuuza kuti aikemo chinenero chatsopano cholembera mapulogalamu, koma akachiika chinkalimbana ndi chakale chomwe malemuwo anasiyamo.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi," anatero Sikulu. "Wakaleyu apite."

Anachichotsa, koma sanalekere pomwepo. Anafufuta njira yomwe kompyuta imatsata pochifunafuna, kenako anatsegula foda yomwe chinenerocho chinkakhalamo.

"Ena amalekera apa, mawa mwabweranso mukulira. Muli kanthu kanu umu?"

Mtsikanayo anasuzumira, n'kuona timayina tosamveka tokhatokha. "Ayi. Zithunzi ndinasunga kale pafulashi."

Sikulu anafufuta fodayo, nakhuthula bini ya zofufutidwa, naika chatsopano pamalo pomwepo. "Ine sindisiya chitsa. Mukauze anzanu."

Atelala anali ndi chizolowezi. M'mawa, asanakhale pamakina, ankayatsa laputopuyo, ndipo pankatuluka kawindo kakuda kofunsa kuti, "Mwamwa mankhwala, madala?" Iwo ankalemba ndi chala chimodzi kuti "Eya," kawindoko n'kuyankha kuti, "Bodza! Pitani mukamwe." Ukalemba "Ayi," kankati bodza. Ukalemba dzina lako, bodzanso. Mwana wawo wamwamuna, malemu uja, ndiye anakapanga, atatopa ndi kuwakumbutsa za mankhwala a BP.

M'mawa mwake, laputopu itabwerako kwa Sikulu, atelala anaiyatsa, n'kudikira. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Anapukuta magalasi ndi kachigamba.

"Iwe," anaitana mwana wawo wamkazi, "mchimwene wako sanadzuke lero?"

Mtsikanayo anangogwira pakamwa.

Anapita onse kwa Sikulu, atelala tepi yoyezera ili m'khosi. Sikulu anafufuza uku ndi uku, nthabwala zija zikumuthera pang'onopang'ono. Mapeto ake anachotsa kasikuludiraiva kukhutu n'kukaika pansi.

"Bambo, mwana wanu kapulogalamu kakeko anakasunga m'foda ya chinenero momwemo. Anthu sasungamo zawo umo. Ndiye pozula..."

"Ndi yemweyo," anatero atelala, akuseka kuseka kosafika m'maso. "Masokosi ake ankawasunga m'bokosi langa la ulusi. Ndiye kakabwezereni."

"Ndayesa. Chatsopano chinakhala pamwamba pake. Madzi akatayika saoleka, bambo."

"Mwambiwo ndinaudziwa inu musanabadwe, achimwene. Ndimati mwina makina anuwa amaola."

Sikulu anayang'ana pansi. Mtsikanayo misozi inali ikutsika kale.

"Ndinafunsidwa ine, bambo, ndipo ndinati mulibe kanthu. Koma ndikangophunzira ndikulemberani kena. Akuti ndi timizere tochepa chabe. Kazidzanena zomwezo."

Atelala anamugwira paphewa. "Leka kulira, anthu aziti ndakukaniza kukwatiwa. Shati yofanana ndi yake nditha kusoka lero lomwe, kolala, mabatani, zonse. Koma thukuta lake ndisokeremo bwanji? Nyamula chinthu chako, ukaphunzire. Iyenso ankafuna uphunzire."

Atafika kunyumba, atelala anachotsa okha chaja pakhoma la m'chipinda chosokera, n'kuipinda bwinobwino ngati tepi, n'kumupatsa mtsikanayo.

M'mawa wotsatira mtsikanayo akudutsa pakhomo la chipindacho, chikwama chili kumsana, anaona bambo ake atakhala pamakina, phazi lili pachopondera koma osaponda. Ankayang'ana pakona ya tebulo pomwe laputopu inkakhala.

"Eya, ndamwa," anatero chapansipansi.

M'chipindamo munangoti zii.

"Bodza," anadziyankha okha.

Anadzuka, natenga kabotolo ka mapilisi pazenera, n'kupita kukatunga madzi.