Nsapato za Tithokoze

Ku Kaomba kulibe munthu amene sadziwa kuti a Amosi ankapita kusukulu opanda nsapato. Nanga angalephere bwanji kudziwa, eni akewo atailalika nkhaniyo pamaliro, kumpingo ngakhale pamzere wa feteleza? Amafotokoza mmene mphunzitsi wina anawasekera ming'alu ya kumapazi pamaso pa kalasi yonse, iwo n'kutuluka osabwereranso. Tsiku lomwelo analumbira kuti mwana wawo sadzaima m'kalasi wopanda nsapato.

Ndiye Tithokoze, mwana wawo mmodzi yekhayo, atapeza ntchito ku Japan yothandiza aphunzitsi kuphunzitsa Chingerezi, mkuluyu sanafunse za ndege kapena zoti kumeneko amadya chiyani. Anapalasa njinga mpaka pa boma la Kasungu, nabwerako ndi nsapato zakuda za m'bokosi, osati za pakaunjika ayi, zolira ko! ko! ko! pasimenti. Anampatsa mwanayo ndi manja awiri.

"Tsiku loyamba ukavale izi. Akadziwe kuti sunachoke patchire."

Tsikulo linafika mu Epulo, nthawi yosankha fodya. A Amosi anali m'chigafa, atakhala pansi pakati pa masamba ouma omwe anawayala paziguduli, pamene akazi awo, a Enelesi, anawaitanira pakhomo la chigafacho ndi foni m'manja. Kuno dzuwa linali likungokwera, koma kwa Tithokoze ana anali ataweruka kale. Nkhope yake inadzaza foni yonse, mano onse pamtunda. Anasimba za tiana tomwe timamuweramira pomulonjera, ndi kena kamene kanamugwira tsitsi mosapempha n'komwe.

"Zonsezo ndamva," anatero a Amosi. "Taonetsa kumapazi."

Tithokoze anazengereza pang'ono, kenaka n'kutsitsa foni. Kumapazi kwake kunali tinsapato tansalu, tofewa, tonga tovala wodwala kuchipatala.

"Kuno salowa m'sukulu ndi nsapato zoyendera kunja, Ababa. Timavulira pakhomo."

Abale, mtima wa munthu ndi kanthu kena. Mkulu wa imvi zake anabwerera kukhala kamnyamata kaja, kataima kutsogolo kwa kalasi anzake akugwa ndi phwete. Zinawapweteka kwambiri.

"Akuvula chifukwa ndiwe mlendo," anatero.

"Ayi Ababa, ngakhale ahedi amavula."

"Usanditonthoze ngati mwana. Ine sindinalime fodya zaka zonsezi kuti anthu akakuvule nsapato pakhomo. Longedza katundu wako, ubwerere kuno."

Chimwemwe chonse chija chinazima pankhope ya Tithokoze. Ankawadziwa bambo ake kuti akanena anena, ndipo iye sanayambe wawatsutsapo chibadwire.

A Enelesi anasendera pafupi. Mayi ameneyu sakangana ndi pakamwa, ndipo n'chifukwa chake sagonja. Anangolandira foni ija, n'kulowa m'chigafa ndi mapatapata awo odzaza dothi la kudimba, molunjika paziguduli pamene panali masamba abwino koposa aja.

"Aa, amake Thoko, mwapenga? Nsapato pafodya?"

"Bwanji, mukundivula chifukwa ndine mlendo?"

"Mlendo wa chiyani? Ameneyu ndi fodya wa giredi yoyamba. Kamchenga kamodzi kokha, ku okushoni akatibwezera belo lonse."

"Nanga zanu zili kuti?"

A Amosi anayang'ana pansi. Mapazi awo anali pamtunda, ming'alu ndi yomwe. Nkhwaira zawo zinali zitagona bwinobwino pakhomo la chigafa, pamene amazisiya m'mawa uliwonse popanda wowauza.

"Inu mumavulira masamba," anatero a Enelesi, akuvula mapatapata aja mosafulumira. "Ndiye eni akewo alakwa kuvulira ana awo?"

Mkuluyu anatembenuza tsamba limodzi m'manja. Kenaka anatambasula dzanja, akazi awo n'kuwapatsa foni.

"Thoko, nsapato zija zili pati?"

Mwanayo anayenda nayo foni mpaka pakhomo la sukulu. Panali shelefu yaitali ya timabokosi, kalikonse ndi nsapato zake. Zakuda zija zinali m'kabokosi kakekake, zikunyezimira.

"Zoyandikana nazozi ndi za ahedi," anatero. "Zanuzi zagwira ntchito, Ababa. M'mawa ndinali ndi mantha moti ndinafuna kubwerera panjira. Koma ndikamva ko, ko, ndimangoti Ababa ali pambuyo pangapa."

A Amosi anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nadandaula kuti fumbi la fodya wa chaka chino ndi loswa mphuno. A Enelesi anavomereza kuti inde, lafika poipa.

"Uzizipukuta madzulo alionse," anatero mkuluyo. "Zolongedza zija usiye. Ndipo mawa ukalowa m'kalasimo uziponda bwino, mwana wanga. Ndi mbewu ya eni ake imeneyo."