Kaseti ya m'thumba la jekete

Kasetiyo Elinata sanachite kugula. Anaipeza m'thumba la jekete ya salaula, yovalidwapo kale, imene mwamuna wake Agostino anabwera nayo kuchokera ku boma la Chadiza, chaka chimene anthu a ku Mozambique anayamba kubwerera kwawo nkhondo itatha. Inalibe dzina ngakhale chithunzi. Agostino anaiika mu wailesi, n'kumvetsera pang'ono, n'kuitulutsa.

"Zosavinika izi," anatero.

Ndipo sananame. Mbali imodzi yonse ya kasetiyo inali nyimbo imodzi yokha. Inkayamba ndi limba lolira mozengereza, kenako magitala, kenako ng'oma zimene zinkasintha mayendedwe phazi likangoyamba kuzolowera. Amayi a ku Mlolo amene anabwera kudzathandiza kuswa mtedza anaseka mpaka misozi. Wina anati oimbawo akukonza chigayo.

Koma munthu ukapirira, pankabwera mzimayi. Ankaimba Chingerezi, ndipo Elinata, amene sukulu analekezera giredi folo, sankatolapo kanthu. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti mzimayiyo sankathamangitsidwa. Akakoka mawu, zoimbira zonse zija, ndi phokoso lake lonse, zinkatsika n'kumudikira kuti amalize. Elinata anali asanaonepo mkazi akudikiridwa chotero. Iye moyo wake wonse unali wothamangira ena: madzi, nkhuni, thonje, mwana wake Chiyanjano, chifuwa cha bambo ake. Pofika masana thupi limakhala la eni.

Miyezi isanu inatha asanaimve nyimboyo mpaka kumapeto. Mabatire a m'nyumbamo anali oyanika padzuwa, otopa ngati mwini wake, ndipo chapakati pa nyimbo mawu a mzimayiyo ankalemera n'kusanduka a nkhalamba yoledzera. Mabatire akalimba, mbuzi zinkalowa m'dimba. Tsiku lina anayesa kuzunguliza kasetiyo ndi bolopeni kuti adumphire kutsogolo, koma zinali ngati kufika pamlandu anthu akubalalika. Nyimboyo inkafuna kuyambidwa poyambira. Choncho ankaibweza ndi bolopeni yomweyo n'kudikira mawa.

Ndiye m'mawa wina, nyengo yothyola thonje, kunabwera a Petulo pa njinga. Anali a m'mudzi momwemo, ndipo anali pa ulendo wa ku Angonia, kwawo kwa mayi ake a Agostino ku Mozambique, kumene mayiwo anabwerera nkhondo itatha. Mayiwo sankadziwa kuwerenga, ndipo ankakana kuti makalata a zapakhomo pawo aziwawerengera ana a eni. Mabanja ambiri olekanitsidwa ndi malire ankachita zofanana: kujambula mawu pa kaseti n'kupatsira wopita.

Agostino anathamangira kukantini n'kubwera ndi mabatire atsopano, oyamba kulowa m'nyumbamo chiyambire dzinja. Kaseti yawo ina, ya kwaya, inali itadyedwa kale ndi wailesi. Yotsala inali imodzi.

"Amake Chiyanjano, bweretsani kaseti yanu ija."

Elinata anaima pakhomo ndi thumba la thonje m'chiuno. Mtima unamuwawa, koma akanatsutsa bwanji? Mayi wokalamba akufuna kumva mawu a mwana wake, iwe n'kumakakamira azungu osawadziwa?

"Abambo a Chiyanjano, mabatire ndi atsopanowa. Bwanji ndiimveko kamodzi kokha mpaka kumapeto, kenako mufufute?"

"Ndi yaitali bwanji?"

"Ngati kupita kuchitsime n'kubwera."

A Petulo anayang'ana dzuwa. "Mlamu, ine ndikufuna ndidutse Vubwi lisanatenthe. Njira ndi yaitali."

Nkhani inathera pomwepo. Agostino anatseka kabowo ka pakaseti ndi kapepala, monga amachitira onse ofuna kujambula pa kaseti ya nyimbo, ndipo anasankha mbali yomweyo poti ndi imene inali itabwezedwa kale poyambira. Anakhala pampando mwaulemu ngati mayi ake ali pomwepo. Anapereka moni, anafotokoza za mvula, za ng'ombe yodwala, za maliro a amalume ake, a Yoweli. Analankhula nthawi yaitali. Chiyanjano anaimba kanyimbo ka kusukulu. Kenako wailesi inasunthidwira kwa Elinata, amene anagwada monga agwadira mpongozi.

"Amayi, kuno tili bwino. Tikuthyola thonje. Sindikudziwa inu kumeneko." Agostino anatseka wailesiyo.

"Timve ngati zagwira," anatero, akubweza pang'ono.

Elinata anadzimva yekha, mawu otsika, a munthu wosagona mokwanira. Anachita manyazi. Kenako panamveka "khwa", ndipo pamene iye analekezera, mzimayi uja anatulukira. Kujambulako kunali kusanafike kumapeto kwa kaseti. Apa panali pamalo pamene Elinata anali asanafikepo, ndipo mabatire atsopano anawatulutsa mawuwo oyera. Ng'oma zonse zinali zitakhala chete. Mzimayiyo ankaimba yekha, akukwera pang'onopang'ono, ndipo zinkachita kumveka kuti pali kumene akupita. Elinata anatsegula pakamwa.

"Zagwira," anatero Agostino, n'kuzimitsa.

Anakulunga kasetiyo m'pepala la shuga n'kuipereka kwa a Petulo ndi manja awiri.

"Kumapetoko kuli phokoso la azungu," anawauza. "Mukawauze amayi kuti akangozimitsa, asawononge mabatire."