Muvi wa Pamphambano

Mvula inagwa m'mawa umenewo, yamphamvu koma yosakhalitsa, ndipo itakata a Mivi anatulutsa mpando wawo panja n'kuyamba kumanga masipoko a wilo la njinga ya alendo. Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndiwo ankajambula mivi yachikasu pamitengo ndi pamiyala, yolozera njira alendo amene ankabwera kudzapalasa njinga m'mbali mwa mtsinje, kuzungulira nyanja zitatu ndi kudutsa m'nkhalango. Kukonza njinga inali ntchito yongodyera. Chimene ankayenda nacho chifuwa patsogolo chinali mivi, ndipo aliyense pakampani yoyendetsa alendoyo anali atatopa kumva mawu awo akuti, "Muvi wanga sunama."

Mlamu wawo, mayi amene ankalemba maina a alendo mu ofesi, anatuluka ndi kapu ya tiyi n'kuima pakhomo.

"Alamu, muli ndi mwayi ngati mwana wa mfumu. Taonani njinga yanu ija munaisiya ili matope okhaokha. Mvula yakutsukirani yaulere."

A Mivi anacheuka akuseka. Njinga yawo inali itatsamira mpanda, ili mbee, matope onse atasungunuka n'kutsikira pansi. Kuseka kuja kunawathera pakamwa. Sipanala inagwa m'manja mwawo.

Sabata yathayo madzi anakokolola mlatho wamatabwa wa kunsi kwa mtsetse waukulu. A Mivi anapita okha kukasintha njira. Anayambira pamlathopo kukwera chitunda, akufufuta mivi yakale ndi penti yotuwa, umodzi umodzi. Atafika pamphambano, pamtengo waukulu wa nthambi ziwiri, penti yotuwa inawathera. Panatsala muvi umodzi wokha, waukulu kuposa yonse, wolozera kumanja kumene kunali mlatho. Anatapa matope m'ngalande n'kuumata bwinobwino, monga ankachitira nthawi zonse penti ikawathera, kenako anajambula muvi watsopano wolozera kumanzere pakamtengo kena chapatsogolo. Anati abwera mawa ndi chitini china. Mawa lake kunabwera njinga zisanu ndi imodzi zofuna mabuleki, mkuja kunabwera zina, ndipo nkhani ya muvi inawatuluka m'mutu. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Ndipo lero amene ankatsogolera alendo khumi ndi awiri panjirayo anali mwana wawo yekhayo, amene onse ankamutchula kuti Kamphepo, chifukwa pamtsetse sankadziwa kuti njinga ili ndi mabuleki. Anali atangobwera dzulo madzulo kuchokera ku ulendo wina wa masabata awiri, ndipo za mlatho sankazidziwa. M'mawa uno anawafunsa akumanga chipewa chake, "Bambo, ndamva kuti mwasintha njira. Mwasintha pati?" Iwo, mutu uli pa wilo, anangomuyankha kuti, "Iwe tsata mivi. Unayamba liti kufunsa?"

"Anyamuka nthawi yanji?" anafunsa a Mivi.

"Eyiti koloko, mvula itangokata. Bwanji kodi, alamu? Nkhope yachita kutuwa chotere?"

"Muimbireni! Muimbireni mwanayo msanga!"

Mlamu uja anaimba. Foni sinalowe. Anaimbanso, anaimbiranso wothandizira wa Kamphepo amene amakhala kumbuyo kwa gulu, koma m'nkhalango imeneyo foni ndi mwala chabe. Galimoto ya kampani inali itapita kale ndi katundu wa alendo kunyanja yachitatu, kutsidya lina, ndipo dalaivala wake akanati abwerere akanafika zonse zitatha. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti naini. A Mivi anawerengera mumtima: gulu limadutsa m'mbali mwa mtsinje, limaima panyanja yoyamba kujambula zithunzi ndi kumwa madzi, limafika pamphambano cha m'ma hafu pasiti teni. Kanjira ka odula mitengo kodutsa paphiri kakanawafikitsa pomwepo mu ola limodzi, akanakhala ndi miyendo ya zaka makumi atatu. Iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndi bondo limene linkalira ngati chitseko chakale.

Anakwera njinga yotsukidwa ndi mvula ija osavala ngakhale chipewa.

"Alamu, mwatani? Tandiuzani!"

"Ndapha mwana wanga," anatero a Mivi, n'kutuluka pageti.

Anadutsa pamsewu wa miyala, kuseri kwa nyumba yochekera matabwa, n'kulowa m'kanjira ka odula mitengo. Mvula inali itakasandutsa phala. Tayala lakumbuyo linkangozungulira pamodzimodzi, likuwaponyera matope kumsana. Anaimirira pamapedulo. M'maso mwawo munkangobwera mtsetse uja. Ankaudziwa ngati chikhatho chawo: wautali, wosalala, wokoma kutsika, ndipo kunsi kwake njira imakhota mwadzidzidzi kuseri kwa thanthwe. Munthu amauona mlatho atafika kale pamlathopo. Tsopano pamalo pa matabwa panali phompho, ndi miyala pansi pake, ndi madzi othamanga. Kamphepo akanakhala woyamba, monga mwa nthawi zonse, atawerama pamahandulo, akukuwa mokondwa kuti alendo amutsatire.

Ndipo amene anamuphunzitsa zimenezo ndi iwo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayi ake atangomwalira, ankamunyamula pakaliyala kupita naye kukajambula mivi, iye atafungatira chitini cha penti. Atayamba kupalasa yekha ankaopa mitsetse, ankagwira mabuleki mpaka manja kuchita dzanzi. Iwo ankamukalipira: "Ukuopa chiyani? Pamene pali muvi wanga ndadutsapo kale ine. Siya mabulekiwo!" Mwana anamva, anamvetsa mopitirira.

Pakati pa phiri tcheni chinaduka. Phazi linapita pansi mwamphamvu, bondo lija linawomba chitsulo, ndipo a Mivi anagwa cham'mbali m'matope. Anatukwana njingayo mawu amene sanawatchulepo chibadwire. Anapisa m'thumba la pansi pa chishalo: munali chubu, munali zigamba, munali kabulashi kouma, koma kachitsulo kolumikizira tcheni anali atakasiya pa tebulo. Makaniko wa zaka zonsezi! Anatola miyala iwiri n'kuyamba kukhoma kamsomali ka tchenicho. Kanaterereka n'kugwera m'matope. Anakwawa ndi maondo akupapasa, akulira ngati mwana, mamina ali chuchuchu.

"Mulungu, tengani ine. Ndine wokalamba ine, ndatha ntchito. Musiyeni mwanayo, sanalakwe kanthu. Wangomvera bambo ake."

Kamsomali sikanapezeke. Anakulunga tchenicho n'kuchiponya m'tchire, anagwira mahandulo n'kuyamba kukankha njinga, akuthamanga motsimphina. Panali munthu wina wodula mitengo amene anawaona n'kuwapatsa moni, koma mpweya woyankhira analibe. Atafika pamwamba pa phiri anakweranso, n'kusiya njinga itsike yokha mbali inayo, nthambi zikuwakwapula kumaso.

Pamphambano anafika nthawi itadutsa. Anadziwa asanayang'ane n'komwe wotchi, chifukwa pansi ponse panali mikwasa ya matayala. Muvi uja unali pamtengo pake, wachikasu, wowala ngati aujambula lero, matope atangotsala m'mphepete. Anakuwa dzina la mwana wawo. Nkhalango inangoti zii.

Anawerama kuyang'ana pansi, ndipo mtima unatsika pang'ono: mikwasa yambiri inalowera kumanzere, kunjira yatsopano. Koma umodzi unapita kumanja. Anaudziwa nthawi yomweyo. Tayala lakumbuyo la njinga ya Kamphepo analimata okha chigamba chakunja mwezi wathawo, ndipo chigambacho chinkasiya chidindo m'matope paliponse wilo likazungulira. Chidindo chija chinali kutsika mtsetse, chokhachokha, mpaka pamene maso awo analekezera. Choncho, anaganiza a Mivi, mwana anatsogola monga amachitira, ndipo alendo otsalira m'mbuyo anaona muvi winawo n'kukhota, osadziwa kuti wowatsogolera kulibenso.

A Mivi sanaganizenso. Analoza njinga kumanja n'kusiya mabuleki. Mphepo inawaumitsa misozi. Ankakuwa njira yonse, "Mwanawe! Mwanawe, ima!" ngati kuti mawu angabweze chimene chachitika kale. Thanthwe lija linaonekera. Anafinya mabuleki, koma anali onyowa ndi odzaza matope, anangolira osagwira. Anakhota, ndipo m'malo mwa phompho anaona mulu wa nthambi zaziwisi utatseka njira yonse. Analowamo mwamphamvu, njinga inapita kwake, iwo n'kugwa chagada pakati pa masamba. Kutsogolo kwa mapazi awo, mwina mayadi anayi okha, njira inali itathera m'malere, ndipo pansi madzi ankasokosera.

"Bambo! Mwapenga kodi? Mukufuna kufa?"

Kamphepo anali ataima pambali, nthambi ina ili paphewa, manja ali okandikakandika. Anaiponya pansi n'kuthamangira kudzawadzutsa. A Mivi anamugwira mkono, anamugwira kumaso, anamugwira mapewa, akufuna kutsimikiza kuti ndi munthu. Anangokhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, osachita manyazi.

"Basi, bambo, basi. Tandionetsani bondolo. Mwabwera ndi njinga yopanda tcheni? Inu ndinu a nkhani."

"Alendo?"

"Ali panyanja yachiwiri ndi mnzanga uja, akudya kamba wawo. Palibe wavulala. Ndinaona mivi iwiri pamphambano, wina wa penti yatsopano, wina wa matope m'mbali. Ndinadziwa kuti penti inakutherani. Ndinangotsika kuti ndione chimene mumabisa kuno, ndipo nditaona ndati nditseke, angadzagweremo ena."

"Koma unaima bwanji? Pakona iyi palibe angaime. Ine ndemwe ndalephera."

Kamphepo anayang'ana kumbali. Anatola kamtengo n'kuyamba kuchotsa matope kunsapato yake.

"Simunaone mapazi anga m'mbali mwa tayala? Sindinakwere. Ndimakankha."

"Iwe? Kukankha njinga pamtsetse?"

"Panjira yanu, eya."

A Mivi anamuyang'ana osamvetsa, ndipo mwanayo anaona kuti sangathenso kuzemba.

"Chaka chino chonse, bambo. Kuyambira tsiku lija munajambula muvi wolozera m'dambo kuseri kwa nyanja yoyamba. Ndinaukonza ndine. Wa pamwala wosweka munauiwala, ndinajambula ndine. Pamphambano iliyonse ndimaima, ndimauza alendo kuti tipume, ndimapita ndekha kukaona kaye." Anatsegula chikwama chake n'kuwaonetsa tizitini tiwiri, kachikasu ndi kotuwa, ndi bulashi yokulunga m'pepala. "Sindinafune kuti mudziwe. Ndinkati mungakhumudwe."

Anakhumudwadi. Zinawapweteka kuposa bondo. Chaka chathunthu akhala akudziguguda pachifuwa pamaso pa anthu, mwana wawo akuyenda m'mbuyo mwawo mwakachetechete ngati mayi wotolera zimene mwana wataya. Koma anayang'ananso phompho lija, n'kuyang'ana mwana wawo ali chiimire, wamoyo, akupuma, ndipo anadziwa kuti akanakhala kuti mwanayo akuwakhulupirirabe monga anamuphunzitsira, bwenzi pano akumufufuza m'miyala.

"Unachita bwino," anatero pomaliza, mawu ali otsika. "Usadzaukhulupirirenso muvi wanga."

Anakwera chitunda pang'onopang'ono, Kamphepo akukankha njinga zonse ziwiri, iwo akutsimphina pambuyo. Ulendo uno anawaona mapaziwo, ang'onoang'ono, otsika mosamala m'mbali mwa chidindo cha chigamba chija. Atafika pamtengo wa nthambi ziwiri mwanayo anatsegula kachitini kotuwa n'kuwapatsira bulashi. A Mivi anabweza manja kumbuyo.

"Fufuta ndiwe. Ine ndigwira chitini."

Anachigwira ndi manja awiri, monga ankachitira mwana uja pakaliyala, mpaka chikasu chonse chinatha pamtengopo.