Mkuzi wa Ulusi Wagalasi

Chiyambireni kukumbidwa ngalande m'mbali mwa msewu wopita ku Chisepo, Rebeka sankathanso kutong'ola chimanga osadzutsa mutu. Nyumba yawo inali pamtunda, moyang'anizana ndi mkuyu umene anthu oyala chingwe cha intaneti anakhomapo katenti kawo. Ali pakhonde, mwana wake Alinafe ali pamiyendo, ankaona zonse.

Chinkamuzunguza mutu si ngalandeyo ayi, koma mayi mmodzi wa m'gululo, wovala mpango kunsi kwa chipewa cholimba, amene anzake ankamuitana kuti Khadijah. Akalowa mutenti ankavala magalasi oteteza maso ndi magolovesi, n'kuyala nsalu yakuda patebulo. Zonsezo kuti agwire kanthu kowonda ngati tsitsi! Akadula kansonga, ankakatola ndi kopanira, n'kukaponya m'botolo, n'kutseka. Kansonga kena, kutsegula, kuponya, kutseka. Rebeka anaphunzirako za magetsi kusekondale, ndipo anali atamva kuti chingwe ichi mulibe magetsi. Nanga mantha onsewa anali a chiyani?

Naye anali ndi yake nkhawa. Alinafe ankangolira chilirelire kuchokera dzulo lake, akudzikanda m'chiuno. Dzulo lomwelo Lines, mchemwali wamkulu wa mwamuna wake, anamumanga mwanayo mkuzi watsopano, chifukwa wakale unali utathina, umboni woti mwana akukula bwino. Watsopanowu unali woluka mokongola: ulusi wachikasu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu.

"Akulira chiyani? Ndi mano amenewo," Lines anatero m'mawa popita kuchigafa kukasoka fodya. "Iwe mlamu, mwana akangoyetsemula umayamba kufunsa mtengo wa bokosi."

Dzuwa likuswa mtengo, Rebeka anathira thobwa m'jagi, n'kubereka mwana, n'kutsetserekera kumkuyu kuja. Pakamwa ankati ndi ulemu kwa alendo, koma mumtima ankafuna kuonera pafupi.

"Odi kuno! Ndabweretsa kathobwa, mutsitsimule kukhosi."

"Imani pomwepo, amake mwana!" Khadijah anakweza dzanja asanacheuke n'komwe. "Musalowe. Jagiyo ikhale kunja."

Manyazi anamuyenda thupi lonse Rebeka. Kwawo thobwa sakana chonchi. Ngakhale wokhuta amalawa, n'kubweza chikho. Kapena poti ndi Msilamu akuyesa kuti ndi mowa?

"Silinasase ayi, asisi. Ndaphika dzulo lomweli."

Khadijah anaseka, navula magolovesi, natuluka botolo lija lili m'manja.

"Thobwa ndimalikonda kuposa bambo a kunyumba. Koma muno sitidya, sitimwa, ngakhale kutikita m'maso sititikita. Taonani apa."

Anakweza botolo padzuwa. Pansi pake pankanyezimira tinthu ngati tamchere wosinja.

"Ulusi uwu ndi galasi. Mtundu umaonekawo ndi chovala chabe. M'kati mwake mumayenda kuwala, ndiko kumanyamula mawu ndi zithunzi za pafoni yanu."

"Kuwala? Ndiye munthu atasuzumira kumapetoko angaone zithunzizo?"

"Angasiye diso pomwepo. Kuwala kwake sikuoneka, koma kumawotcha. Ndiye tinsonga iti timalowa pakhungu ngati ubweya wa chitedze, kusiyana kwake n'koti chitedze umachiona uli patali. Kamodzi kakagwera m'thobwamo, basi, mwameza galasi."

Rebeka anafuna kufunsa kuti kuwala kumakhota bwanji pamene msewu wakhota, koma maso ake anagwera patebulo muja. Pansalu yakuda panali tiulusi tofiira, tobiriwira, tabuluu, ndipo pambali pake kamtolo ka ulusi wachikasu. Inali mitundu yomweyo ya mkuzi wa Alinafe. Anaika jagi pansi, namasula chitenje, natsitsa mwana, napinda kadiresi kake m'mwamba.

Kuseka kwa Khadijah kunathera pompo.

"Mwautenga kuti umenewu?"

"Anamanga ndi alamu."

"Mugwireni manja onse awiri. Asadzikandenso."

Chigafa chinali chapafupi, ndipo Lines atamva kulira kwa mwana anafika akupukuta manja pachitenje.

"Kwagwanjinso, mlamu? Wayamba kuombeza kwa anthu a mawaya?"

"Alamu, ulusi wa mkuziwu munautenga kuti?"

"Ndinatola m'ngalandemu, chidutswa chotaya. Ndaba ngati? Ndinachisenda ndi lezala. Wachikasuwo ndi wolimba, ungamangire mbuzi. Wamitunduwo ndiye wachabechabe, umangothyoka pomanga mfundo."

"Mlandu si wanu, mayi," anatero Khadijah akuvalanso magolovesi. "Ndi wathu. Sitiyenera kusiya ngakhale kachidutswa kotalika ngati chala. Koma kumene unkathyokako ndiye kuli nkhani."

Anatenga nsalu ina yakuda yosagwiritsa ntchito, naiyala pamthunzi kutali ndi tenti, ndipo Rebeka anagonekapo mwana. Khadijah analowetsa chala kunsi kwa mkuzi, naudula ndi sizasi mbali ya wachikasu yokhayokha, nausolola pang'onopang'ono osaukhulitsa pakhungu, nauika m'jumbo. Kenaka anayatsa tochi, masana dzuwa lili phwee, naunika chammbali m'chiuno mwa mwana.

Rebeka anagwada. Maso ake ankatsata dzanja lililonse la mayiyo. Pamene panali mfundo panali kadontho kofiira, ndipo pakati pake china chake chinathwanima kamodzi n'kuzimirira.

"Apo!" anatero Rebeka. "Bwezani tochi. Apo!"

"Muli ndi maso, amake mwana."

Lines anali atazula kale pini pachitenje chake. "Tapatukani. Minga ya ana onse a m'mudzi muno ndimachotsa ndine."

Chikwatiwireni, Rebeka anali asanatsutsanepo ndi mlamu wakeyo. Anaphimba mwana ndi mkono.

"Ayi, alamu. Minga siphwanyika. Ili ndi galasi. Mukalikankha ndi pini lithyokera m'kati, ndiye mudzalipeza bwanji?"

Lines anayang'ana Khadijah kuti amuthandize, koma uyo ankadula selotepi. Anaimata mofatsa pakadontho paja, osasindikiza, naimatula. Anadula ina, namata m'chiuno monse, kutsogolo ndi kumbuyo. Alinafe anasiya kulira, nayamba kulimbana ndi kuwala kwa tochi.

Khadijah anakweza selotepi yoyamba ija. Panali kanthu kafupi kuposa nsidze, kowala mbee.

"Kanangolasa pamwamba. Katuluka. Koma ine si dokotala, sindingalumbire kuti palibe kena. Galimoto yathu ikuperekezani kuchipatala akamuone bwino."

Rebeka anakayang'anitsitsa kanthuko. Kochepa chonchi, kumuliza mwana tsiku lonse! Kochepa chonchi, kunyamula mawu a mwamuna wake akamaimba kuchokera ku Dzaleka kumene ankamanga nyumba za anthu! Kenaka ganizo lina linamubaya.

"Alamu, munalukira pati?"

"Pamphasa pakhonde."

"Pomwe amakwawira Alinafe?"

Lines anayang'ana chala chake chachikulu, nachisisita.

"Musachitikite!" Rebeka ndi Khadijah anakuwa limodzi.

"Chakhala chikundibayabaya," anatero Lines motsitsa mawu. "Ndimayesa ndi singano ya fodya."

"Kwerani nanunso, mayi," anatero Khadijah. "Mphasayo asaikhudze munthu, asasesenso pakhondepo. Ndikapita ndekha ndi tochi. Mphasa ndiye mwaluza, ipita m'jumbo."

"Mphasa yanga yatsopano!"

"Mufunse mtengo wa bokosi lake, alamu," anatero Rebeka akukweza mwana m'galimoto.

Kuchipatala anamuunika Alinafe ndi galasi lokuza zinthu, ndipo sanapeze kanthu kena. Anamupaka mankhwala, namuuza Rebeka kuti abwerenso ngati pangatupe. Chala cha Lines ndiye chinawavuta, anatuluka atachikulunga bandeji ngati chinangwa.

Pobwerera anapeza Khadijah atakhala pakhonde, pansi pali mbee, manja atasamba ndi sopo mpaka m'zigongono. Jagi ija inali pambali pake, yotsala pang'ono kutha.

"Ndatsanulira m'kapu yanu, musati ndakana," anatero. "Koma ndathira lina la mumphika. Lija linafika pafupi ndi tenti ndataya."

Rebeka anatenga ulusi wathonje wosokera, naupota pantchafu, namumanga mwana m'chiuno yekha. Analowetsa zala ziwiri kuyesa ngati sunathine. Atatha anakhala pansi pafupi ndi mlendoyo.

"Asisi, musanapite. Msewu uja umakhota pa Dzoole. Nanga kuwalako kumakhota nawo bwanji?"