Dzina la Mlamu pa Chikalata

Redson atabadwa, bambo wake Yoswa Mbewe sanapite kukamulembetsa. Kwawo ku Dedza mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Choncho anauza mkazi wake Leticia, Mkaranga wa ku Shabani ku Rhodesia, komwe ankakhala, kuti apite ndi mlongo wake Shumba, ponena kuti iye anali ndi shifiti kumgodi. Kalaliki ataona mwamuna pambali pa mayiyo, analemba Shumba pamalo pa bambo.

Patapita zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, nkhondo itafika povuta, asilikali anagwira Redson pomuganizira kuti ankadyetsa anyamata a kutchire omenyera ufulu. Yoswa anathamangira kukampu, fumbi la mumgodi lili mbuu m'mutu.

"Ndadzatenga mwana wanga, bwana."

Msilikali anayang'ana chikalata. "Pano palembedwa Shumba, inu ndinu Mbewe. Mwana timapereka kwa bambo wake basi."

Shumbayo anali atamwalira chaka chapitacho.

Kuseri kwa waya Redson anakuwa, "Baba!"

"Akuitana ndani ameneyu?" anafunsa msilikali uja.

Yoswa anangozolika. Tsiku lolembetsa lija analibe shifiti n'komwe. Anaswera pabawo kukomboni.